Chitseko Chimene Chinapita ku Nkhondo ya Panyanja

Tsikulo kunatentha kuyambira m'mawa. Unali mwezi wa Okutobala, kumwamba kuli mbuu ndi utsi wa matchire amene anthu ankatentha cha kumalire, nyenje zikulira m'mitengo ya mango mpaka makutu kuwawa. Ndimakumbukira phokoso la ana a pulayimale amene anathawa m'makalasi mwawo kudzaonerera, kulira kwa magudumu a ngolo opanda girisi, ndi mabelu ang'onoang'ono a m'khosi mwa ng'ombe. Ine ndinaima pakati pa bwalo la mpira nditamanga taye, wezulo ili kukamwa, ndikudziona ngati munthu amene wabweretsa nyanja ku Mchinji.

Ndinali mphunzitsi wa mbiri yakale pa kasukulu koyendera ka sekondale, chakufupi ndi Kachebere. Matipate anali atangobwera zaka zochepa m'mbuyomo, ndipo ana anali atazindikira kuti tsopano munthu akhoza kuyankha. Ndimati ana, koma ena anali ndi ndevu, ena anali ndi ana awoawo kunyumba. M'kalasi langa la fomu wani tinafika pa mutu wa Aroma, mmene anamenyera nkhondo panyanja ndi anthu a ku Katheji, mzinda wa amalonda umene unali tsidya lina la nyanjayo.

Ndinawerenga ndime yoyamba. Theka la kalasi linagona. Ndinajambula chombo pa bolodi, ndipo mnyamata wina wandevu amene ankakhala kumbuyo anakweza dzanja.

"Aphunzitsi, chimenecho ndi khoko la mtedza kapena ndi bwato la nkhumba?"

Anzake anaseka. Sindinamudzudzule, chifukwa nditabwerera m'mbuyo kuchiyang'ana, chinalidi chomwera nkhumba. Madzi aakulu amene ambiri a iwo anali atawaonapo anali a mtsinje wa Bua nthawi ya dzinja. Inenso, kunena zoona, chombo ndinali nditachiona kamodzi kokha, patali, ndili pa basi.

Koma ndisanapitirire ndiyenera kunena za chitseko, pakuti nkhani yonse ili pamenepo.

Mkazi wanga anamwalira chaka chimodzi izi zisanachitike. Ndinali mkamwini kwawo ku Mavwere, ndipo Mulungu sanatipatse ana. Mwambo wa kumeta utatha, akuchikazi anandiitana kuti andisudzule, ndiye kuti kundimasula ndibwerere kwathu. Malume ake a malemuyo anayankhula mwaulemu.

"Akamwini, mwana wathu munamusunga bwino. Palibe mlandu. Nyumba ndi munda zitsala, monga mudziwa. Koma lozani chimene mtima wanu ukufuna, munyamule."

Anthu ankayembekezera kuti nditchula malata kapena mbuzi. Ine ndinati ndikufuna chitseko cha nyumba. Panali azimayi ena amene anabisa nkhope m'zitenje kuti ndisaone kuti akuseka. Chinali chitseko cha mlombwa, cha matabwa atatu, cholemera. Titangokwatirana tinkatseka pakhomo ndi chitseko cha mapesi, ndipo mkazi wanga ananena kuti mkazi wa mphunzitsi sangamagone kuseri kwa chakudya cha ng'ombe. Nditabweretsa cha mlombwacho anachipaka yekha penti ya buluu, koma pentiyo inathera panjira, moti kunsi kwake, kuyambira m'mawondo kutsika, kunatsala thabwa lokhalokha. Chaka chilichonse tinkati tidzamaliza. Sitinamalize.

Ndinachinyamula pa ngolo mpaka ku nyumba ya aphunzitsi imene anandipatsa pasukulupo. Kumeneko chinakana kulowa pa felemu iliyonse, chinali chachikulu m'lifupi. Kalipentala anati achipale m'mbali, ine ndinakana. Ndinachikulunga m'masaka n'kuchiimika m'kachisakasa kuseri kwa nyumba, limodzi ndi matabwa ena otsala pamene ankafolera sukulu. Sindinauze munthu aliyense pasukulupo za chitsekocho. Ndine munthu wosayankhulayankhula, ndipo ndinkaona ngati kukhala chete n'kusamala.

Tibwerere m'kalasi. Chimene chinandipulumutsa ndi kanthu kamodzi ka m'mbiriyo. Aroma sanali anthu a pamadzi. Anali alimi, odziwa khasu ndi nkhondo ya pamtunda, pamene anthu a ku Katheji anabadwira m'zombo. Zimanenedwa kuti Aroma anatola chombo cha adani awo chimene chinatitimira m'mphepete mwa nyanja, n'kuyamba kupanga zawo motengera chomwecho. Ndipo pamene zombo zinkapangidwa, opalasa ankawaphunzitsira pamtunda pouma, atawakhazika pa mabenchi, akupalasa mphepo.

Nditafotokoza zimenezi monitala wa kalasi, mtsikana wamtali wa mawu aakulu amene ngakhale anyamata ankamuopa, anati, "Ndiye kuti Aromawo anali anthu a ku Mkanda."

"Eya," ndinatero. "Alimi a mtedza."

Tsiku lotsatira tinatulutsa mabenchi panja. Nkhafi zathu zinali mikangala, timitengo tija amayanikapo fodya m'chigafa. Monitala ankamenya chidebe kuti onse akokere pamodzi, ndipo fumbi linakwera mpaka ahedi anasuzumira pawindo la ofesi yawo. Palibe anagona tsiku limenelo. Azimayi ochokera kuchigayo anaima pamsewu, mitolo ili pamutu, kuyang'ana ana a sekondale akupalasa dothi. Mmodzi anafuula kuti, "Aphunzitsi, mukafika tsidya mutigulireko usipa!" Ndinamugwedezera dzanja ngati mwini chombo.

Munthu wanzeru akanalekera pomwepo. Koma kutamandidwa kuli ngati thobwa lotsekemera, sumwa chikho chimodzi. Ndinawauza za khwangwala.

Aroma ankadziwa kuti pa liwiro ndi pa kukhota sangafanane ndi adani awo. Ndiye anamanga kamlatho ka matabwa kutsogolo kwa chombo, koimika chilili pa mlongoti ndi chingwe, kokhala ndi chitsulo chosongoka kunsonga ngati mlomo wa mbalame. Chombo cha adani chikayandikira ankamasula chingwe, mlatho n'kugwa, mlomo uja n'kujompha m'matabwa a chombo chinacho, asilikali n'kuwoloka kukamenya nkhondo ngati ali pamtunda. Chida chimenecho anachitcha khwangwala. Ndinanenanso kuti a ku Katheji poyamba anaseka, osadziwa kuti chinthu choimacho n'chiyani.

"Tichite," anatero wandevu uja. "Amalume ali ndi ngolo. Ina tibwereka."

Kugawa magulu kunavuta, chifukwa palibe ankafuna kukhala wa mbali yogonja. Ndinati ndisankha ndine. Anakana. "Masiku ano ndi demokalase, aphunzitsi, tivota." Anavota, ndipo onse anavotera kukhala Aroma. Pomaliza wandevu anavomera kutsogolera a ku Katheji, akuti popeza anali amalonda ndipo ngolo ya malume akenso inali ya malonda. Aliyense ankadziwa malonda ake: ngoloyo inkadutsa malire m'tinjira ta m'tchire itanyamula shuga kupita ku Zambia ndi kubwerera itadzaza. Monitala anakhala mkulu wa Aroma.

Anandifunsa kumene angapeze thabwa la mlatho. Ndinali wotanganidwa, ndikuthamangira ku msonkhano wa mphakati wathu wa kutchalitchi. Ndinati, "Pitani m'kachisakasa kuseri kwa nyumba yanga, muli matabwa otsala. Musankhe lolimba, loti munthu n'kuyendapo osathyoka." Ndinawonjezeranso nzeru ina, yanga ndithu: kuti akamanga khwangwalayo amuphimbe mpaka tsiku la nkhondo, kuti adani asamuone, monga zinalili kalelo.

Ana omvera. Anasankha lolimba.

Kumudzi chitseko chimene sichili pakhomo ndi thabwa basi. Amasendapo mbuzi, amayanikapo ufa, amanyamulirapo wodwala kupita naye kumsewu. Palibe mwa iwo amene akanaganiza kuti munthu wamkulu, wophunzira, angasunge chitseko m'masaka ngati mbewu.

Ndiye tafika pa tsiku lotentha lija. Ngolo ya a ku Katheji inalowa m'bwalo kuchokera ku golo la kumadzulo, ng'ombe ziwiri zakuda zikukoka, ana atakhala m'mbali akupalasa ndi mikangala. Ya Aroma inabwera pang'onopang'ono kuchokera kum'mawa. Kutsogolo kwake anamanga mlongoti wa bulugamu, ndipo chinthu chachitali chinaima pamenepo, chomangidwa kunsi ndi malegeni, chokutidwa ndi masaka. Ndinaona ngati masakawo ndikuwadziwa, koma masaka onse amafanana.

Ahedi anatulutsa mpando wawo n'kukhala pamthunzi. Anandikodola.

"Akulu, ng'ombezi zikudziwa kuti ndi zombo?"

"Zauzidwa, ahedi."

"Chabwino. Bola pasafe munthu."

Tinapangana kuti wezulo yanga ndiyo chizindikiro. Ngolo zikayandikana, Aroma achotse masaka, ine ndifotokozere oonerera chimene akuona, kenaka ndiimbe wezulo, chingwe chimasulidwe. Ndinali nditakonzeratu ndi mawu oti ndiyankhule, abwino kwambiri.

A ku Katheji anazungulira ngolo ya Aroma akutukwana mwamasewera. "Alimi inu! Bwererani mukapalire! Nyanja si dimba la amayi anu!" Monitala anayankha ali chiimire pa ngolo, "Bwerani pafupi, ogulitsa shuga inu, muone!" Ana a pulayimale ankakuwa. Ngolo zinayandikana. Masaka anagwa.

Ndinaona buluu. Ndinaona kunsi kopanda penti. Ndinaona chitsulo chachikulu, chosulidwa kwa wosula makasu, atachikhomera pakati pa thabwa lapakati mpaka kutulukira kuseri.

Ndinafuna kukuwa kuti aleke. Ndinakoka mpweya wonse umene ndinali nawo n'kuutulutsa mwamphamvu, nditaiwala chimene chinali kukamwa kwanga. Wezulo inalira bwino lomwe, kuposa mmene inalirirapo pa mpira uliwonse.

Monitala anamasula chingwe.

Kunena chilungamo, khwangwala anagwira ntchito yake monga momwe mabuku amanenera. Chitseko chinagwa ndi mkokomo, chitsulo chinajompha m'matabwa a ngolo inayo n'kukanirira. Aroma awiri anayamba kuwoloka. Chimene mabuku sanena n'chakuti zombo za Aroma sizinkakokedwa ndi ng'ombe. Zakuda zija zitamva kugunda kumbuyo kwawo zinadzidzimuka, michira m'mwamba, n'kuliyatsa liwiro. Za Aroma zinaima nji, zinali nkhalamba. Chitseko chinakokedwa uku ndi uku, chinalira ngati mtengo ukugwa, n'kung'ambika m'litali mwake. Thabwa limodzi linatsala likulendewera pa malegeni. Awiri enawo, ndi chitsulo chawo, anapita ndi ngolo ya a ku Katheji.

Opalasa analumpha mmodzimmodzi ngati ziwala. Wandevu anagwera m'fumbi chingwe cha ng'ombe chili m'manja. Ng'ombezo zinkadziwa njira imodzi yokha, ndipo zinaitsata: zinadutsa kuseri kwa zimbudzi, kulowa m'munda wa sukulu, n'kulunjika kumadzulo. Mbali yaikulu ya chitseko cha mkazi wanga inapita ku Zambia popanda chiphaso.

Bwalo lonse linaphulika ndi chisangalalo. Aroma ananyamula monitala m'mwamba akuimba. Ahedi ankapukuta misozi ya kuseka. Palibe anavulala kupatula zigongono zosupuka. Ana anga anabwera kwa ine akuthamanga.

"Aphunzitsi, mwaona? Khwangwala wajompha! Tichitenso Lachisanu?"

Ndinachotsa wezulo kukamwa. Ndinapita pa ngolo ya Aroma, ndinamasula malegeni, ndinanyamula thabwa lotsalalo paphewa n'kumapita kunyumba. Ndimamva phokoso likuzima kumbuyo kwanga pang'onopang'ono. Munthu wa taye atasenza thabwa la buluu pakati pa dzuwa, osayankhula: ndikhulupirira ndinkaoneka ngati wamisala waulemu.

Madzulo ake ahedi anabwera. Mkazi wawo anali ndi abale ku Mavwere, ndipo ndi iye amene anawauza za mkamwini amene anasiya malata n'kusankha chitseko. Anakhala pakhonde n'kuyamba kuyankhula.

"Akulu, sindinadziwe. Anawa alowa m'nyumba ya mphunzitsi n'kuwononga katundu. Mukangonena, atsogoleri awiriwo ndiwachotsa sukulu. Enawo akumba dzenje la zinyalala mpaka Khirisimasi."

Ndinati ndiganize kaye.

Ndikanakonda kulemba kuti ndinayankha nthawi yomweyo kuti asawachotse. Sizinatero. Ndinkadziwa bwinobwino kuti ndinawatuma ndine, kuti kuphimba ndinalamula ndine, kuti ngakhale wezulo ndinaimba ndine. Bwalo lililonse la milandu likanandipeza wolakwa katatu. Koma mtima suwerenga malamulo. Ndinkangoti ndikatseka maso, ndikuona dzanja la munthu likukhoma chitsulo pa penti imene mkazi wanga anapaka atamanga chitenje m'chiuno, akuimba nyimbo ya kwaya. Kodi sanaone kuti n'chopakidwa penti? Kodi sanaone mahinjesi? Munthu amakhoma bwanji chitsulo pa chinthu chokulungidwa bwino chotero osafunsa?

Lamulungu ndinapita kutchalitchi monga mwa masiku onse. Titafika pa pemphero lija timanena tonse pamodzi, pa mawu okhudza kukhululukira amene atilakwira, ndinapeza kuti ndatseka pakamwa. Ndinayambiranso pa mawu otsatira, ngati munthu wolumpha chithaphwi. Mayi wina wokhala pafupi nane anandiyang'ana, mwina ankaganiza kuti ndatsamwa.

Sabata yotsatira ndinaphunzitsa ngati palibe chachitika. Kalasi linali zii. Ndinawauza mbali yotsala ya mbiriyo, kuti ena amaganiza kuti kulemera kwa khwangwala kutsogolo kunkapendeketsa zombo, ndipo n'kutheka n'chifukwa chake Aroma anataya zombo zambiri pa namondwe, mpaka chidacho anachisiya. Palibe anaseka, palibe anafunsa. Wandevu sanabwere kusukulu masiku onsewo. Monitala ankayang'ana pansi. Ndinazindikira kuti kalasi logona lija linali labwinoko kusiyana ndi ili.

Loweruka m'mawa ndikuchapa malaya kuseri, ndinamva magudumu opanda girisi. Ngolo ija inaima pakhomo panga, ng'ombe zakuda zomwe zija zikubzikula ngati sizinapalamulepo kanthu. Kalasi lonse linali pambuyo pake. Atsikana anakhala pansi, anyamata ananjuta. Wandevu anavula chipewa.

"Aphunzitsi, tabwera nacho."

Anafotokoza kuti ng'ombe anazipeza tsiku lomwelo pakhomo pa munthu amene malume ake amachita naye malonda, tsidya la malire. Koma matabwawo mwini khomo anali atawazula kale n'kutsekera khola la nkhumba, ndipo ankakana kubweza, akuti chimene chabwera chokha ndi mphatso. Wandevu anakhala kumeneko akumumangira khola lina la mitengo kuti amasule matabwawo.

"Ndiye chitseko changa chagonanso ndi nkhumba," ndinatero.

"Tachitsuka, aphunzitsi. Ndi sopo."

Monitala anayankhula maso ali pansi, mawu ake aakulu aja atachepa. "Ndinasankha ndine, aphunzitsi. Munati lolimba. Ena aja anali ofumbwa. Penti tinaiona, koma timati mwina munachichotsa pakhomo chifukwa munapeza chabwino. Tikanadziwa kuti n'cha amayi, sitikanachigwira n'komwe." Kenaka anawonjezera kuti, "Ngati n'kuchotsedwa, achotse ine. Uyu anangobweretsa ng'ombe."

"Iwe usadzitame," anatero wandevu chapansipansi. "Aroma ako atalephera, chitsulo ndinakhoma ndine."

"Unakhoma mokhota."

"Chinagwira koma."

Anazindikira kumene ali, n'kusiya kukanganako.

Anali atabwera ndi kalipentala, yemwe uja ndinamukaniza kupala. Anapempha thabwa lachitatu, ndinakalitenga kuchipinda kumene ndinkalisunga. Anayala onse atatu pansi, nayang'ana m'mene anang'ambikira, napukusa mutu. Anati m'mbali mong'ambikamo muyenera kupalidwa ndithu kuti matabwa agwirane, palibe njira ina. Ndinavomera ndi mutu. Anapala, analumikiza, anakhoma mitanda iwiri kumbuyo. Ana ankamugwirira, ena akungoyang'ana. Atamaliza anatenga tepi yake n'kuyeza, kenaka anapita kukayeza khomo la chipinda changa chogona, pamene ndinkangotchingapo nsalu.

"Aphunzitsi," anatero akumwetulira, "chija munkakana chija, ng'ombe zachita. Tsopano chikwana."

Chinakwanadi, ngakhale chimakhula pansi pang'ono potsegula. Bowo la chitsulo linatsala pakati, loti chala chachikulu n'kulowa. Kalipentala anati alitseke ndi kamtengo, koma wina mwa ana anali atatola kale chitsononkho n'kuchilowetsa, ndipo chinakwana bwino moti ndinati achisiye. Mtsikana wina anafunsa ngati ndingalole kuti asonkhe agule penti amalize kunsiko. Ndinati ayi, kunsiko kuli bwino momwemo.

Ndinalowa m'chipinda n'kudzitsekera, kuti ndione ngati chikutsekeka. Ndinaima m'katimo kwa kanthawi. Aka kanali koyamba chichokereni ku Mavwere kuti ndikhale kuseri kwa chitseko chimenecho. Chinkanunkha sopo wochapira, ndi kafungo kena kamene sopoyo analephera. Ndinaganiza zimene mwini wake akananena atamva kuti chitseko chake chamenya nkhondo ya Aroma, chapita kunja kwa dziko, chasunga nkhumba, ndipo mwamuna wake ndiye anaimba wezulo. Akanaseka mpaka kukhala pansi. Akanauza mudzi wonse, ndipo ine sindikanayendanso momasuka ku Mavwere.

Nditatuluka ndinawapeza akadali pomwepo padzuwa, akundiyang'ana. Wandevu ankapotokola chipewa chake.

"Kodi," ndinafunsa, "chida chija Aroma ankachitcha chiyani?"

"Khwangwala, aphunzitsi," anayankha onse pamodzi.

"Nanga anachipangiranji?"

"Chifukwa anali alimi, sankadziwa kukhota pamadzi."

Ndaphunzitsa zaka zambiri pambuyo pake, m'masukulu ena, ndipo palibe mutu wina umene ana anaugwira ngati umenewo. Sindinaubwerezenso ndi ngolo. Chitseko ndili nacho mpaka lero, chitsononkho ndimasintha chikafumbwa.

Lolemba m'mawa ndinapita ku ofesi ya ahedi n'kuwauza kuti pasachotsedwe munthu, ndipo dzenje la zinyalala limene tinali nalo linali lokwanira. Ana aja ndinawakhululukira.